Zala Khumi, Okalamba Khumi ndi Mmodzi

9 Febuluwale

Achemwali,

Moni wochuluka kwa inu ndi kwa amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana womwe wayamba kukangana ndi mpando wa ku ofesi. Amayi akumwa mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi? Nanga asiya kuchapa nsalu za ku nyumba ya alendo ija, kapena akuchitabe makani? Muwauze kuti mzime wawo ali pantchito tsopano, manja awo apume.

Ndalemba kalata popeza foni yanu akuti inagwera mu ndowa yochapira, ndipo amayi pafoni samva china koma kukuwa kuti, "Eee? Ndani?" Adalaivala a galimoto yobweretsa mankhwala ku bungwe lanu la okalamba avomera kumatinyamulira makalata. Amafika kwanuko pakatha milungu iwiri iliyonse, ndiye yanu izikhala yolembalemba, chifukwa bamboyo sazimitsa ndi injini yomwe.

Tsono imvani nkhani yabwino. Kakampani kathu kaja, ka anthu asanu ndi awiri opanikizana m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala, kapeza ntchito. Anthu akufuna kwabwino amene amatumiza mankhwala ku mabungwe achifundo atopa ndi maina a mizukwa: papepala anthu zana, pabwalo anthu makumi anayi. Ndiye ife tapanga pulogalamu ya pa tabuleti. Wokalamba aliyense alembetsa chala chake kamodzi pa kagalasi. Tsiku lolandira akaika chalacho, kagetsi kakayaka kobiriwira, alandire mankhwala. Kakayaka kofiira, ayi. Mbali yoona zalayo ndinalemba ndine, achemwali, ine yemwe munkanditi sindingathe ndi kutsuka mbale komwe.

Bungwe lanu lili m'gulu la mabungwe makumi awiri oyambirira. Tabuleti yanu ikubwera pamodzi ndi kalata ino. Mundiuze mmene anthu ailandirira, makamaka amayi.

Ine mlongo wanu,
Mzime

22 Febuluwale

Mzime iwe,

Tadzuka, kaya iwe ndi msana wakowo. Uzikhala mowongoka, usatikalambire tisanakudyerere. Amayi akupereka moni. Zoti asiye kuchapazo anangoti, "Ndikasiya ndiziwatani manjawa, ndiwapachike pa msomali?" Mapiritsi akumwa, ndimawayang'anira mpaka amezedwe.

Tabuleti inafika, ili ndi nambala 14 kumsana kwake ngati mkaidi. Anabweranso mphunzitsi wa ku kampani kwanuko, wa manja osalala ngati a khanda. Anaika chala chake, kagetsi kanayaka kobiriwira, tonse tinaomba m'manja, iye nakwera galimoto. Amayi tsiku limenelo palibe anapuma nawo. Aliyense wolowa pakhomo ankamugwira mkono: "Kamakina aka kanapangidwa ndi mwana wanga." Ngakhale wogulitsa makala, amene sizikumukhudza, anauzidwa.

Koma mlongo wanga, pali vuto. Okalamba athu alipo makumi asanu ndi limodzi kudza atatu, ndipo khumi ndi mmodzi kamakina kako kawakana. Bambo oumba njerwa aja, akalipentala, osoka nsapato, amayi awiri ophwanya miyala, ndi ena. Ndipo amayi ako okubala nawonso. Anaika chala chachikulu, kofiira. Ananyambita, kofiira. Tinadzoza mafuta, tinapukuta, tinayesa zala zonse za manja onse awiri mpaka anthu pamzere anayamba kung'ung'udza. Anamwino athu atayang'anitsitsa ananena kuti zala za amayi zilibe mizere, inatha ndi sopo ndi soda. Oumba njerwa aja zawo zinadyedwa ndi dothi ndi simenti.

Amayi anachita manyazi, ndinawaona. Anabisa manja m'nsalu nati mwina kamakinako katopa.

Ulendo uno anamwino awapatsa mankhwala polemba papepala monga kale. Nanga ulendo wamawa titani? Funsa abwana ako, uyankhe msanga. Matenda amenewa sadikira munthu.

Ine mchemwali wako

8 Malichi

Achemwali,

Moni. Pepani ndilemba mwachidule, ntchito yatipana pakhosi. Mwezi uno akubwera alendo, akufuna kwabwino aja, amene angatipatse mabungwe enanso mazana awiri, ndiye abwana sakutipatsa mpata ndi wokanda mutu womwe.

Za zalazo musade nkhawa. Tisanatulutse pulogalamuyi tinaiyesa pa ophunzira mazana anayi a ku koleji, ndipo sinakane ndi mmodzi yemwe. Chomwe chimavuta ndi fumbi. Asambe m'manja, aumitse, inu mupukute kagalasiko ndi kansalu kofewa, ndipo asakanikize kwambiri. Okalamba amadina ngati akupha nsikidzi.

Koma chonde za papepalazo musabwerezenso. Katoni iliyonse yawerengedwa, ndipo mankhwala otuluka kagetsi kasanayake kobiriwira amaonedwa ngati obedwa. Kamakina sikanama, achemwali, amanama ndi anthu. Nkhani ya mizereyo ndiitula kwa abwana alendowa akapita.

Amayi muwauze kuti ndawagulira magolovesi ochapira.

Mzime

22 Malichi

Mzime,

Moni. Amayi ali bwino. Magolovesi aja awapinda bwinobwino m'sutikesi, akuti ndi okongola sangawaononge ndi madzi.

Kalata yako ndinawerenga kawiri, kufunafuna pomwe wandiyankha, osapapeza. Fumbi? Manja amene amakhala m'madzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, fumbi lake liti? Tinasambitsa, tinaumitsa, tinapukuta kagalasi mpaka ndinkadziona nkhope. Kofiira kokhakokha.

Ndiye ndikuuze zomwe ndinachita, umve kwa ine osati kwa ena. Tsiku lolandira lapitali anthu khumi ndi mmodzi aja anakhala pabenchi kuonerera anzawo akunyamula mankhwala. Osoka nsapato aja anafunsa kuti, "Mwana wanga, kodi ife tinamwalira osadziwa?" Anthu anaseka. Onse atapita ndinatseka chitseko, ndinatenga tabuleti ndi kulembetsa zala zanga m'maina awo. Kamakina kako sikadziwa kusiyanitsa chala chachikulu ndi kachala kakang'ono, kamangofuna mizere. Oumba njerwa ndinawapatsa chala chachikulu chakumanja, akalipentala cholozera, osoka nsapato chapakati, choncho mpaka kumanzere. Ndinalemba pakapepala kuti ndisasokoneze.

Koma Mulungu anandipatsa zala khumi, anthu ali khumi ndi mmodzi. Amayi ndinawaika kumapeto dala, kuopa kuti anthu angati ndakondera wanga. Pofika pa dzina lawo zala zinali zitatha. Anamwino anatambasula dzanja kuti nditenge chawo, ine ndinakana. Ali ndi ana atatu ndi setifiketi yoti aisamale, sindingawakokere m'dzenje langa. Ndiye ndinabwereza chala chachikulu chija. Oumba njerwa ndi amayi ako tsopano ali pa chala chimodzi.

Piritsi lililonse linapita m'manja mwa mwini wake, anamwino ndi mboni. Sindinabe ngakhale kapepala kokulungira. Komabe mtima wanga sukukhazikika. Konza kamakinako msanga kuti ndichotse zala zangazi munthu asanaone.

Galimoto ikubwera mawa, ndikapereka kalata ino.

Mchemwali wako

22 Malichi

Achemwali,

Moni! Lero ndikulemba ndikuseka ndekha. Muwakhazike amayi pampando musanawawerengere.

Tagwira mbava! Lolemba pulogalamu yanga inalira: pa bungwe lina chala chimodzi chalembetsa maina awiri. Nditasuzumira ndinapeza kuti pamalo omwewo okalamba khumi ndi mmodzi analandira mankhwala m'mphindi zinayi zokha. Okalamba ake ati othamanga choncho? N'zoonekeratu kuti wina anadzitsekera m'chipinda nkumadinda yekha, mankhwala nkukagulitsa. Munthu wopanda chisoni, kubera nkhalamba!

Ife olemba pulogalamu sitiona maina a anthu kapena a mabungwe, timangoona manambala, ndiye sindikudziwa kuti ndi kuti. Ndi nambala 14. Koma alendo aja anali pomwepo. Abwana anaonetsa pakhoma, chipinda chonse chinaimirira kundiombera m'manja, ine amene. Mayi wina wa alendowo anandigwira chanza nati izi ndi zomwe akhala akufuna zaka zonsezi. Mabungwe mazana awiri aja tapatsidwa.

Nambala 14 ija tabuleti yake itsekedwa sabata yamawa, ndipo galimoto siipitakonso kufikira ofufuza atamaliza. Wochita zimenezi dzina lake lilowa m'buku la anthu osayenera kugwiranso ntchito m'bungwe lililonse lachifundo. Aone polekera.

Za zala za amayi zija zinatheka? Ndikhulupirira kansalu kanathandiza.

Ine wanu wosangalala,
Mzime

25 Malichi

Achemwali,

Makalata athu anaphonyana m'manja mwa adalaivala. Yanu ndawerengera pamasitepe a ofesi. Ndinathamangira kunyumba kukatenga ija ya Febuluwale. Munalemba ndithu kuti nambala 14 kumsana kwake. Ine ndinawerenga mothamanga, ndinkangofuna pomwe amayi akundiyamikira.

Koma achemwali, munachitiranji zimenezi? Bwanji osandidikira? Ndinakuuzani kuti ndikamba ndi abwana!

Iyayi, ndisakukalipireni. Sindinakambe nawo. Ndinaiwala.

Tsono mverani. Pakadali pano musauze munthu kuti amene analemba pulogalamuyi ndi mlongo wanu. Akadziwa adzati tinapangana, ine kukuuzani pobowoka, inu kudinda. Mgwirizano ndi alendo aja usainidwa pakatha milungu itatu. Anzanga asanu ndi mmodzi akhala chaka chathunthu akungodya chiyembekezo, wina mkazi wake ndi woyembekezera. Ndikayankhula lero, ndagwetsa denga pa anthu onsewa. Akangosaina ndilowa kwa abwana ndi kufotokoza zonse. Milungu itatu yokha, achemwali. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kalata ino ndapatsira kondakitala wa basi, pamodzi ndi mapiritsi a amayi a miyezi iwiri omwe ndagula ku famase. Iwo asasowe, zinazo tikonza.

Musandide.

Mzime

19 Epulo

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero.

Ndinakhala chete monga unanenera. Kondakitala wabwera katatu kudzafunsa yankho, ine ndimangoti palibe. Lero lilipo.

Galimoto sinabwere. Anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu amafika pakhomo la bungwe Lachiwiri lililonse, kupeza loko pachitseko, nkubwerera. Ofufuza anabwera awiri, ndi zikwama. Ndinawasonkhanitsira okalamba khumi ndi mmodzi aja, onse anatambasula manja kuti aonedwe. Wamkulu wa ofufuzawo sanaweramuke nkomwe. Anati iwo anatumidwa kudzaona zolembedwa, osati zikhatho. Anandifunsa ngati zala zili mu tabuletizo ndi zanga, ndinati inde. Anati basi, zakwana. Apampando a bungwe anandilanda makiyi pamaso pa anthu, zaka zisanu ndi zinayi ndikutsegula chitseko chimenecho popanda malipiro. Kumsika tsopano ndikamadutsa amayi ena amafumbata zikwama zawo. Wina anandikuwira kuti, "Zala khumi, tigaireniko mankhwala!"

Zimenezo ndikanapirira. Imva izi.

Mapiritsi unatumiza aja amayi anafunsa kuti a anzawo ali kuti. Nditawauza kuti ndi awo okha anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Ine ndi oumba njerwa tili pa chala chimodzi, ndiye ndizimeza ndekha iwo akupenya?" Anagawira iwo, anagawira osoka nsapato, ndi mmodzi wa ophwanya miyala uja amene ankadandaula mutu. Ndinabisa botolo, analipeza. A miyezi iwiri anatha m'milungu iwiri, ndipo ine anandinamiza kuti akadali nawo m'kathumba.

Lachitatu lapitali m'mawa akuyanika mashiti a alendo, ndinangomva ndowa kugubuduka. Ndinawapeza pansi pa chingwe, zopanira zili mbwee, pakamwa patapotokera kumanja. Anamwino ndi wogulitsa makala uja anandithandiza kuthamangira nawo kuchipatala. Moyo ulipo. Koma dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira ntchito, ndipo mawu akutuluka movutika.

Ukudziwa chomwe anayamba kunena atatsitsimuka? Anati, "Musamuuze mzime, ali ndi alendo."

Ine ndakuuza. Sindikupempha mapiritsi, sindikupempha kuti ubwere kudzalira pano. Unati khalani chete milungu itatu, yatha ndi masiku anayi pamwamba. Khoswe wakhala pamkhate, ndikudziwa, koma mumkhatemo muli anthu makumi asanu ndi limodzi kudza atatu. Lowa kwa abwana akowo. Tsegula pakamwa.

Mchemwali wako

3 Meyi

Achemwali,

Amayi agona bwanji? Akutha kumeza? Akundifunsa? Sindikudziwa ngati ndili ndi nkhope yofunsira.

Ndinalowa kwa abwana tsiku lomwe ndinalandira kalata yanu. Anali atasaina kale masiku asanu m'mbuyo, ndipo ine ndinali ndikuzengerezabe, ndisakunamizeni. Ndinafotokoza zonse. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anati ndi zachisoni, koma munthu wopanda mizere m'zala iwo sanamuonepo, ndipo mlongo aliyense angaikire kumbuyo mchemwali wake.

Loweruka ndinatsikira ku shopu ya matayala kukapempha sandipepa. Ndinakhala pakhonde la nyumba yanga nkukhula zala zonse khumi, pang'onopang'ono, mpaka zinasalala. Zimawawa, achemwali. Ine ndachita masana amodzi ndipo supuni ndimaigwira ndikulira. Amayi achita zaka makumi anayi kuti ine ndipite ku koleji komwe tinakayesa kamakina pa manja a ana osagwirapo ndowa.

Chitseko cha ofesi yathu chimatseguka ndi chala, pulogalamu yake ndi yomweyo. Lolemba ndinafika m'mamawa ndi kuima pakhomo. Abwana atafika anandifunsa chomwe ndikudikira. Ndinati, "Onani." Ndinaika chala chachikulu, kofiira. Cholozera, kofiira. Zonse khumi, anzanga ataima pamasitepe kuonerera. Ndinati, "Bwana, mwandilemba ntchito nokha, mukundiona ndi maso. Kodi ndine mzukwa?" Anatsegula ndi chala chawo.

Zotsatira zake ndi izi. Tawonjezera njira ya chithunzi ndi khadi kwa amene zala zawo zikukanidwa. Titafunsa mabungwe enawo tapeza anthu oposa zana amene ankangobwezedwa mwakachetechete, popeza kumeneko kunalibe wowabwereka chala. Galimoto iyambanso kubwera kwanuko kumapeto kwa mwezi uno.

Koma dzina lanu akana kulichotsa m'buku lija. Akuti munavomera nokha, ndipo nkhani ya mbava ya nambala 14 inalowa kale m'lipoti la alendo, kuibweza n'kudzipha. Bungwe lanu alitsegula pokhapokha makiyi asunge munthu wina. Ndinakuwa mpaka osoka matayala pansi anazimitsa makina awo. Sizinathandize. Ine sanandichotse ntchito, ndipo zimenezi zikundichititsa manyazi kuposa akanandichotsa. Ndalembera ndekha mayi wa alendo uja amene anandigwira chanza, ndasaina dzina langa ndi ubale wathu. Sanayankhe.

Za zala zangazi musadandaule. Akuti khungu likapuma mizere imamera yokha.

Ndikufuna kubwera. Mundilola?

Mzime

26 Meyi

Mzime,

Moni. Kuno tilipo. Amayi tsopano akutha kukhala tsonga, ndipo ukatchera khutu mawu awo akumveka. Zala zako zapola? Chitsiru iwe, ukanakhula chimodzi sizikanakwana? Ndinalira powerenga, kenako ndinaseka, kenako ndinakupseranso mtima. Mpaka lero sindinasankhe.

Galimoto inabwera dzulo. Adalaivala anazimitsa injini koyamba chiyambire, anatsika kudzandipatsa moni ndi manja awiri. Koma si onse anaidikira. Mmodzi wa ophwanya miyala uja, wa mutu uja, tinamuika m'manda pa 9. Udziwe zimenezo, ndipo usaziiwale monga unaiwalira zina.

Makiyi ali ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito, mayi wabwino ndithu. Ine sindiloledwa kulowa, ndiye ndinawakankha amayi pa njinga ya olumala mpaka pakhomo, anamwino nkuwalandira. Ndinaima panja pazenera lomwe ndinkalipukuta ndekha Lolemba lililonse. Osoka nsapato aja anatuluka pamzere nadzaima nane, kenako oumba njerwa, kenako akalipentala. Anati alowa ndikawalola ine. Ndinawathamangitsa kuti akalandire.

Atafika pa amayi, mphunzitsi uja anatenga khadi kuti awajambule chithunzi. Amayi anapukusa mutu, nalozera kagalasi ndi chibwano. Anamwino anawauza kuti sikufunikanso, iwo anaumirira. Ukuwadziwa. Ndiye anamwino ananyamula dzanja lamanja lija, lomwe lagona pamiyendo milungu isanu ndi umodzi osakhudza sopo kapena soda, nagoneka chala chachikulu pakagalasi.

Mzime, kanayaka kobiriwira. Ulendo woyamba womwewo.

Anamwino anatembenuza dzanjalo, ine ndikuona pazenera. Mizere yabwerera, yooneka bwino ngati ya mtsikana. Amayi okha ndi amene anaseka, ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Pobwerera kunyumba anandikoka nsalu ndi dzanja lamanzere kuti ndiwerame. Ndinawafunsa kawiri kuti ndimvetse bwino, ndipo anandilumbiritsa kuti ndilembe monga anenera, osachotsa kapena kuwonjezera. Akuti: "Umuuze mzime asadandaule, kamakina kake sikanaonongeke. Kandidziwa tsopano. Kamangofuna ndisiye kuchapa."

Bwera Loweruka. Ubwere ndi manja akowo, pali zochapa zambiri.

Mchemwali wako